A Wailesi ndi Gule wa pa Mbendera ya Pakona

Apongozi anga aamuna amasoka mipira. Amasokanso nsapato, zikwama ndi malamba, koma mukawafunsa ntchito yawo amati, "Ndine dokotala wa mipira. Nsapatozi ndi odwala ongodutsa." Benchi yawo ili pakhonde la nyumba yathu, moyang'ana kumsewu. Pabenchipo pamakhala kabokosi ka singano, phula lopakira ulusi, pampu yothyoka chogwirira, ndi wailesi yakuda yomangidwa ndi mphira kuti mabatire asagwe. Chifukwa cha wailesi imeneyo, mumsewu mwathu palibe amene amawatchula dzina. Ndi a Wailesi basi. Ngakhale apongozi aakazi akatopa nawo amangoti, "A Wailesi, tazimitsani kaye, anthu adye."

Ine ndinalowa m'nyumba muno zaka ziwiri zapitazo. Pakamwa panga mpolemera chibadwire, ndipo miyezi yambiri mawu anga kwa iwo anali awiri okha, "Mwadzuka bwanji, bambo," ndi "Tiyi uyu, bambo." Koma zenera la chipinda chimene ndimayamwitsiramo mwana lili pamwamba pa benchi yawo. Ndiye za moyo wawo ndinazimva zonse osafunsa funso ngakhale limodzi.

Ali mnyamata ankasewera mpira, kumbuyo chakumanzere. Amati wothamanga aliyense akafika kumbali kwawo ankayamba wapemphera. Amayi, apongozi aakazi aja, amati zimenezo sanazione, iwo chimene anaona ndi bondo lotupa ngati dzungu. Bondo limenelo ndi limene linawakhazika pansi ali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri. Akuchira, anzawo a patimu anawabweretsera mpira wong'ambika kuti asamangokhala. Mkulu wina wosoka nsapato anawabwereka singano n'kuwaonetsa kawiri kokha, kachitatu anasoka okha. "Bondo linanditulutsa m'bwalo," amatero, "singano inandibwezamo."

Kusoka mpira si masewera. Amamasula msoko umodzi, n'kutulutsa chubu, n'kutembenuza chikopa chonse kuti zamkati zikhale kunja. Amasoka ndi singano ziwiri zimene zimapingasana m'bowo limodzi, ndipo akakoka ulusi manja onse amatambasuka ngati mbalame ikufuna kuuluka. Ukangoyang'ana kumbali, singano ili m'chala. N'chifukwa chake anadziikira lamulo kalekale, lakuti maso ndi a ulusi, makutu ndi a mpira. Mpira wa pa kanema sanauonerepo. Chikho cha dziko lonse lapansi chikafika, amuna onse amakadzaza kwa ometa tsitsi, iwo ali pabenchi pawo, mutu uli pansi, wailesi ikulira.

"Pa kanema nonse mumaonera mpira umodzi," amatero. "Pa wailesi aliyense ali ndi bwalo lake m'mutu. Langa ndi la udzu wabwino kuposa lanulo."

Munthu akabweretsa mpira wophwa sachoka msanga. Abambo amasesa pabenchi ndi dzanja, n'kundandalika zitsekerero za mabotolo, zofiira uku, zobiriwira uko, batani la malaya n'kukhala mpira. Mayina a akatswiri aja amandipota lilime, koma mwayi wake iwo anawapatsa mayina awoawo. Kuli Mwana wa ku Brazil, amene anatenga chikho ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, mpira utatha n'kulira paphewa la mnzake. Ameneyo anachita kumva kwa mkulu anawaphunzitsa kusoka uja. Kuli Kafupi wa ku Argentina, amene anagoletsa ndi dzanja woyimbira osaona, pasanathe mphindi zisanu n'kutenga mpira chapakati pa bwalo, kudyetsa njomba anthu asanu, n'kugoletsa china. "Choyamba anaba," amatero abambo, "chachiwiri anapepesa." Akafika pa Ghana amakweza chala chachikulu chimene chili ndi chipsera. Mphindi yomaliza, munthu wa timu ina anagwira mpira ndi manja pamzere wa golo, kenako penate n'kukamenya mtengo wapamwamba. Tsiku limenelo lokha ndi limene anadzutsa mutu, ndipo singano inalowa mpaka pachikhadabo.

Koma nkhani imene anthu ankaibwerera ndi ya Mkango Wokalamba wa ku Cameroon, chaka cha 1990. Munthu wa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, amene ambiri ankati nthawi yake yatha. Goloboyi wa Colombia, watsitsi lalitali, anatuluka m'golo mpaka kutali n'kuyamba kusewera ndi mpira ngati ali pakhomo pa amake. Mkango unamulanda, n'kuthamanga, n'kuugubuduza m'golo mopanda munthu. Akafika pamenepo, abambo ankasiya zitsekerero n'kuimirira. Ankatenga tsache lalitali la amayi, n'kunena kuti, "Anafika pakona, anazula mbendera, n'kuisandutsa ndodo. Paja ndi nkhalamba." Kenako ankawerama msana, dzanja lina lili pachiuno, n'kudumpha katatu motsamira tsachelo, nkhope ataikwinya ngati agogo amene alumidwa ndi nyerere. Anthu ankaseka mpaka kugwira mimba. Mwana wanga wamkazi, amene agogo ake amamutcha a Goloboyi chifukwa chilichonse amawakha, anayamba kuwomba m'manja chifukwa cha gule ameneyo.

Tsidya lina la msewu kuli ometa tsitsi, amene onse amati a Lumo. Ndi amsinkhu umodzi ndi abambo, ndipo anayamba kunyozana ndisanabadwe. Mwana wawo anawatumizira kanema wamkulu amene amalumikizika ku foni, woti mpira uliwonse wakale ukhoza kuufufuza n'kuuonera. Lachitatu lina masana anaoloka msewu chipeso chili m'thumba la malaya, akumwetulira ngati mphaka amene waona mkaka. Pakhonde panali anthu anayi odikira nsapato.

"Dokotala," anatero a Lumo, "tavinani kaja ka mbendera, ndikaonenso."

"Kuonera n'kwaulere, koma kwa anthu a dazi timayamba tawafunsa zaka," anayankha abambo, mutu uli pansi.

"Paja munati anazula mbendera?"

"Anazula."

"Munaona?"

"Ndinamva. Khutu langa silinandinamizepo."

"Kandimverere anakanena za m'maluwa, achimwene. Loweruka nthawi ya 3 koloko ndiika mpira umenewo pa kanema wanga, msewu wonse udzaone. Mubwere ndi tsache lanulo."

Apa abambo anadzutsa mutu. "Ndibwera. Ndipo mukapeza kuti ndakhala ndikunamiza anthu, ine pakamwa ndatseka. Sindidzanenanso za mpira pabenchi pano. Ndizingosoka ngati wosalankhula."

"Mboni zamva," anatero a Lumo akuloza anthu anayi aja, n'kubwerera kwawo akuimba mluzu.

Ine ndinamva zonsezi kuseri kwa zenera. Abambo ndi munthu woti akanena wanena. Ndipo ndinali nditaona kale mmene amakhalira tsiku limene kulibe wowamvetsera, tiyi amazizira m'kapu, ulusi umaduka kawirikawiri. Nkhani zimenezi ndiye mpweya wawo.

Lachinayi amuna anga, amene amawotcherera zitsulo, anabwera kudzadya masana. Ndinawakokera kukhitchini n'kuwanong'oneza kuti afufuze mpira uja pa foni yawo. Tinaonera titatsamira kabati, amayi akusuzumira pamapewa pathu manja ali ndi thovu. Goloboyi watsitsi anatulukadi. Analandidwadi. Mpira unalowadi. Kenako munthu wa jezi yobiriwira anathamangira pakona, n'kuima pafupi ndi mbendera, dzanja lina m'mwamba, lina chapamimba, n'kuyamba kugwedeza chiuno akumwetulira. Mbendera sanaikhudze n'komwe. Msana unali woongoka ngati mzati.

Amuna anga anaseka mpaka kutsamwa, kenako anasiya mwadzidzidzi. "Mdala watha," anatero. "Loweruka timuuze kuti adwale."

"Bambo ako adwale pa tsiku la mpira?" anatero amayi. "Ine zaka makumi atatu ndakhala ndikuwafunsa kuti munthu angathamange bwanji chonchija kenako n'kufuna ndodo. Amati akazi simudziwa mpira. Tsache langa lachita kupindika."

"Ndiye muwauze, amayi."

"Ine akana ndisanamalize. Uwauze iweyo."

"Ine akangondiona ndi foni amati ndikuwotcha maso kawiri, kuntchito ndi kunyumba."

Onse awiri anatembenukira kwa ine nthawi imodzi. Ndinayang'ana pansi.

"Inu mayi a mwana," anatero amayi, "inu simunawatsutsepo chibwerereni. Munthu amene salankhula, akalankhula amamveka."

Lachisanu m'mawa amuna anga anasiya foni patebulo, atandionetsa kawiri podina. Ndinaphika tiyi, ndinabereka mwana, ndinafika pachitseko, ndinabwerera. Ndinatsuka kapu imene inali yoyera kale. Ulendo wachitatu ndinatuluka. Abambo anali akutseka msoko womaliza wa mpira wa timu ya kumsika, msoko wovuta uja umene amausokera kunja ulusi uli wolekerera, kenako n'kuukoka pang'onopang'ono mpaka kubisika. Ndinadikira kuti amalize. Ndinaika tiyi, n'kukhala pansi chapatali.

"Bambo."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mayi, kwagwanji? A Goloboyi adwala?"

"Ayi, bambo. Mpira uja... uli umu." Ndinawaonetsa foni. "Ndimati muuone muli nokha."

Anayang'ana foniyo. Kenako anabaya singano zonse ziwiri m'phula, anapukuta manja pa thalauza, anazimitsa wailesi. Chifikireni m'nyumba muno ndinali ndisanaimvepo itazima masana. "Bweretsani," anatero.

Poyamba anasangalala ngati mwana. "Uyo! Watuluka! Ndinanena ine! Wapatsira mnzake, mnzake wam'bwezera... taonani kupusako... walandidwa! Thamanga, mkulu, thamanga!" Anamenya benchi mpaka zitsekerero zinadumpha. Kenako munthu uja anafika pakona, ndipo abambo anatsala kukamwa kuli yasa.

"Tabwezani."

Ndinabweza.

"Tabwezaninso."

Atatha kuonera kachitatu anavula magalasi n'kuwapukuta. "Mayi, wovinayu ndi ndani?"

"Ndi yemweyo, bambo. Mkango uja."

"Koma ndi mwana uyu! Imvi zili kuti? Ameneyu akhoza kukhala mkulu wake wa amuna anu!"

Ndinaluma milomo kuti ndisaseke. Iwo ndiwo anayamba. Anaseka mpaka misozi, mpaka a Goloboyi kumbuyo kwanga nawo anayamba kukuwa. Atapuma anandifotokozera, ngati akudzifotokozera okha. Nthawi imeneyo anali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu. Woulutsa mpira ankangobwereza kuti mkulu ameneyu, mkulu ameneyu, wazaka pafupifupi makumi anayi. Kwa iwo munthu wa zaka zimenezo anali agogo. Ndipo chigoli chitalowa, woulutsa uja anangokuwa kuti akuvina pambendera, akuvina pambendera, osanena kavinidwe kake. "Pamene panatsala bowo ndinasokapo ndekha," anatero. "Ndi chizolowezi cha ntchito."

Kenako nkhope inagwa. Anayang'ana tsidya lina, kumene a Lumo ankakutumula nsalu yometera. "Komabe ndanamiza msewu wonse. Anthu akhala akundikhulupirira."

Ndinangoti, "Chigoli chija munachinena bwinobwino, bambo. Palibe pamene munaphonya."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Palibe?"

"Palibe."

Anamwa tiyi wawo yense nthawi imodzi. "Chabwino. Kakanema aka n'kakang'ono, ndipo mnyamatayu akufulumira. Tandionetsani mmene akuchitira."

Ine kuvina pamaso pa apongozi! Ndinalakalaka pansi patang'ambika. Ndinamasula mwana kumsana, n'kumuimiritsa pa simenti, n'kumukwezera kadzanja kamodzi m'mwamba, n'kumamugwedeza uku ndi uku. Mwana anangokhala pansi n'kuwakha batani lija.

"Tachokani apo," anatero amayi atatulukira pachitseko. Anali akumvetsera nthawi yonseyo. "A Goloboyi alibe chiuno. A Wailesi, imirirani. Dzanja ili m'mwamba. Ili apa. Msana muongole, simukusaka ndalama yotayika. Tsopano chonchi." Ndipo amayi, ndi thupi lawo lonse lija, anavina pakhonde dzuwa likuswa mtengo.

"Mayi a ana, zimenezi munazibisa kuti zaka zonsezi?"

"Munali mutu uli pansi. Tiyeni, bondo lanulo lisakunamizeni."

Loweruka nyumba yometera inadzaza 3 koloko isanakwane. Ndi kachipinda kamodzi, kagalasi kong'aluka pakona, mabenchi awiri, ndi fungo la sipiriti. Pampando panali woyendetsa minibasi wina atametedwa mbali imodzi yokha, chifukwa a Lumo anali atasiya makina kuti akonze kanema. Ine ndinaima panja pafupi ndi chitseko, mwana ali kumsana. Abambo anafika atavala jekete, tsache lili paphewa ngati mfuti. Anthu anayamba kuwomba m'manja.

"Bwerani, dokotala," anatero a Lumo. "Lero tiona ngati khutu lili ndi maso."

Abambo anawapatsa tsache lija. "Tengani, musesere tsitsi. Ntchito yake ndi imeneyo. Anthuni, ndisanayambe ndinene. Mbendera sinazulidwe. Ndodo panalibe, imvi panalibe. Zimenezo ndinasoka ndekha, ndipo ndapepesa."

A Lumo anatsala ali chigwirire tsache ngati munthu amene wapatsidwa mwana wa eni.

"Koma ikani mpirawo," anapitiriza abambo. "Muyambire pamene goloboyi akutuluka. Mawu muzimitse."

Anaima kutsogolo kwa kanema n'kuufulatira, nkhope kwa anthu, maso atatsinzina. A Lumo atangoti "Wayamba," abambo anatsegula pakamwa, ndipo munatuluka mawu a woulutsa mpira. "Watuluka watsitsi, watuluka, akupita kuti ameneyu, kwawo kulibe akulu? Wapatsira mnzake. Mnzake akuti ayi, tenga katundu wako. Akufuna kuukoka ndi phazi... walandidwa! Mkango wanyamula! Watsitsi akuthamangira kumbuyo, wadziponya, wagwira mphepo! Golo ili yokha ngati nyumba ya mbeta! Chalowa!" Mawu aliwonse ankagwera pamodzi ndi chithunzi kumbuyo kwawo, ngati singano ziwiri m'bowo limodzi. Anthu ankayang'ana kanema, n'kuyang'ana abambo, n'kuyang'ananso kanema. Ndipo pamene munthu wa jezi yobiriwira anafika pakona, abambo anakweza dzanja limodzi, lina chapamimba, n'kugwedeza chiuno, jekete likuuluka. Anali awiri, wina pa kanema, wina pansi, ndipo wapansiyo sanatsalire kwenikweni.

Denga linatsala pang'ono kuchoka. Woyendetsa minibasi anadzuka ndi nsalu yometera m'khosi n'kuyamba kuvina nawo, mutu uli mbali imodzi yoyera.

"Mwaonera kuti?" anakuwa a Lumo. "Wakuonetsani ndani?"

"Ndili ndi maso ena kunyumba," anatero abambo. Ine ndinabisala kuseri kwa chitseko.

Phokoso litachepa, a Lumo anagogoda pansi ndi tsache. "Zonsezo tamva. Koma mawu munanena Lachitatu, mboni zilipo. Munanama kapena simunaname?"

"Aaa, a Lumo, chigoli ndi chigoli," anatero woyendetsa minibasi. "Kavinidwe sakawerengera."

Ena onse anavomereza, koma abambo anakweza dzanja. "Ometawa akunena zoona. Ndinanama, ndipo ndinalonjeza. Amene angandimasule ndi iwowa basi."

"Ndiye mutseke," anatero a Lumo, akuyesetsa kuti asaseke. "Makutu athu apumeko."

Ndipo anatsekadi. Lamlungu anasoka mipira iwiri osanena kanthu. Lolemba kapitawo wa timu ya kumsika anabwera kudzatenga mpira wake n'kufunsa za Kafupi, abambo anangoloza pakamwa pawo, n'kuloza tsidya lina la msewu. Munthu aliyense amene anabwera anachita naye chimodzimodzi, ndipo aliyense ankaoloka n'kukawafunsa a Lumo kuti vuto lawo n'chiyani. Pofika madzulo anthu anali atayamba kunena kuti akameta kwina. Amayi okha ndi amene ankati m'nyumba mwalowa mtendere, koma ndinawaona akuthira shuga kawiri m'kapu ya abambo.

Lachiwiri m'mawa a Lumo anaoloka msewu atanyamula nsapato imodzi. Abambo anaitembenuza uku ndi uku. Inalibe pong'ambika paliponse. Anaibweza osalankhula.

A Lumo anakhala kumapeto kwa benchi n'kukanda dazi lawo. "Dzulo ndinaonera mpira uja Brazil inamwa zigoli zisanu ndi ziwiri pakhomo pawo pomwe," anatero. "Ndaonera kawiri. Zigoli zonse ndaziona. Koma chimene chinawagwera anthu amene aja sindikuchimvetsa. Kanemayu amangoonetsa, safotokoza."

Abambo anapaka ulusi phula, pang'onopang'ono.

"Mukundimva, dokotala?"

Abambo anagwedeza mutu, n'kulowetsa ulusi m'singano.

"Chabwino, chabwino! Ndakumasulani. Mayi muli pazeneranu, mukhale mboni."

"Ndamva, bambo," ndinatero.

Abambo anatsokomola kawiri ngati galimoto imene yakhalitsa osalizidwa. "Choyamba," anatero, "nsapato yabwinobwinoyo muvale, mukundichititsa manyazi pamaso pa odwala. Chachiwiri, sendezani kuno. Tsiku limenelo Brazil inalowa m'bwalo ilibe anthu awiri, wogoletsa wawo atavulala msana, ndi kapitawo wa kumbuyo ataletsedwa kusewera. Inu a kanema mumaona amene alipo. Kuti mumvetse mpira umenewo, muyambe mwadziwa amene kunalibe."